Ndani adzamuone akuthamanga?

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, m'kalasi 6 mwanga muli mtsikana amene amakhala kuseri kwa phiri. Akachedwa kudimba la mbatatesi amabwera chothamanga, wopanda nsapato, n'kufika belu lisanalire. Tikachita mpikisano, anyamata amangomuonera kumsana. Sabata yatha mayi ake anandiimitsa pamsika ku Ulónguè: "Aphunzitsi, akuti miyendo imatha kumulipirira mwana sukulu. N'zoona?"

N'zoona, ndipo chitsanzo n'chathu chomwe. Maria de Lurdes Mutola ankamenya mpira ndi anyamata ku Maputo pamene mlakatuli José Craveirinha anamuona n'kumulimbikitsa kuti ayese liwiro. Mu 1988, ali ndi zaka 15, anali kale ku Olimpiki ku Seoul. Mu 1991 komiti ya Olimpiki inamupatsa bolsa yokaphunzira ku Springfield High School ku Oregon, ndipo mu 2000 ku Sydney anatenga golide pa mamita 800.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chifukwa chimene anasankhira sukuluyo. Mutola sankadziwa Chingerezi, ndipo kumeneko kunali wogwira ntchito wolankhula Chipwitikizi. Ngakhale katswiri wotere anafunika munthu womumva kaye.

Tisanamizane, sukulu za sekondale zimene zimapereka bolsa yamasewera sizichita chifundo chokha. Mwana akapambana, dzina la sukulu limamveka, makolo ena olipira amabweretsa ana awo. N'chifukwa chake posankha safunsa zimene mudzi ukunena. Amafuna nthawi yolembedwa papepala, mpikisano umene mwanayo anaonekera, kalata ya womuphunzitsa, komanso malikisi osonyeza kuti m'kalasi sadzagwa. Wanga uyu alibe ngakhale chimodzi mwa zitatu zoyambazo. Kuno kwathu khomo ndi Jogos Desportivos Escolares, kuyambira pa boma, kenako chigawo, mpaka dziko lonse, koma kuti mwana akafike pa boma pafunika mphunzitsi womulembetsa ndi ndalama ya galimoto. Ndivomere, chaka chatha ine sindinalembetse aliyense.

Lachisanu tiyeza mamita 800 ndi chingwe pabwalo, ndigwira nthawi pafoni, ndilemba m'kope ndi tsiku lake. Mayi aja ndawauza m'Chichewa chomveka kuti sindikulonjeza bolsa. Anangoti, "Fulumirani aphunzitsi, kalasi 7 ili kutali ndi kwathu, ndipo bambo ake ayamba kale kumuwerengera mizere kudimba."