Yamba wamva mnzako, kenaka umuyankhe

M'chaka choyamba cha kukoleji, pa phunziro la kalembedwe, pali ntchito imene imaoneka yopepuka: uwerenge nkhani ya munthu wina, uifupikitse m'ndime imodzi, kenaka ulembe maganizo ako. Ine inandigwera nkhani yotamanda maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mlembi wake ankati tiyi amabweretsa ndalama zakunja, amapereka ntchito kwa anthu ambiri, ndiponso maesiteti amamanga zipatala ndi masukulu.

Ine ndinakulira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ku Thyolo konko. Mayi anga athyola tiyi kwa zaka zambiri. Dengu lakumsana ndimalidziwa, mzere wa pasikelo ndimaudziwa, ndipo ndimadziwanso mmene ntchito imacheperako mvula ikatha. Choncho mtima unkafuna kuti ndingoyamba kumutsutsa munthuyo.

Koma chidule chili ndi lamulo lake. Sulemba kuti "mlembi akunama". Umalemba kuti "mlembi akuti". Aphunzitsi anatiuza kuti chidule chabwino n'chimene mwini nkhani atachiwerenga angavomere kuti ndi zomwe ananena. Ndinakumbukira bwalo la amfumu kumudzi kwathu, kumene nduna imayamba yabwereza dandaulo la munthu n'kumufunsa ngati ndi zomwezo, mlandu usanagamulidwe.

Ndinawerenga nkhaniyo katatu, n'kulemba mfundo imodzi pa ndime iliyonse. Kenaka ndinaimbira foni mayi, n'kuwafotokozera m'Chichewa, pepala ndili nditatseka. Ngati sungathe kuwauza amayi ako nkhani m'mawu ochepa, ndiye kuti sunaimve. Iwo anamvetsera, kenaka anati: "Zachipatalazo n'zoona, mwana wanga, iwe unabadwira komweko. Koma uwafunse bambowo kuti chimanga tizilima pati."

Yankho langa linamera pamenepo. Ndinavomereza zimene zinali zoona, kenaka ndinafunsa zimene mlembi anasiya. Ulimi wa tiyi wogulitsa unayambira ku Mulanje mu 1891 usanafike ku Thyolo, ndipo malo abwino anapita kwa azungu m'nthawi ya atsamunda, pamene anthu okhala pamalowo ankagwira thangata. Lero adzukulu awo akulima m'mapiri motsetsereka, nthaka n'kumapita ndi madzi. Za malipiro ndinakumbutsa kuti mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe anakhazikitsa pulogalamu ya Malawi Tea 2020, cholinga chake chachikulu kukweza malipiro a antchito kuti azikwanira pa moyo wawo. Akanakhala okwanira kale, pulogalamuyo sikanafunika.

Ndinaona kuti mfundo zangazo zinalemera chifukwa ndinali nditayamba ndamupatsa mnzangayo mpando. Wowerenga akaona kuti sunapotoze mawu a amene ukutsutsana naye, amakukhulupirira ukayamba kunena zako.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife ana a anthu othyola tiyi tili ndi zonena pa nkhani ya malo ndi malipiro, ndipo tizinene ndithu. Koma kaya ndi m'kalasi, pa wailesi, pa WhatsApp kapena pamsonkhano wa kumudzi, tiziyamba tanena molondola zimene winayo wanena. Tikatero, akapitawo ndi mabwana sadzakhala ndi pothawira ponena kuti sitinamve.