Khoma la amayi ku Kaporo

Tikukula ku Kaporo, khoma la pabalaza silinkakhala lopanda kanthu. Amayi ankaphika kaphala ka ufa wa chinangwa n'kumamatira masamba a Moni, a Malawi News ndi makalendala a zaka zakale. Pamwamba penipeni panali Kamuzu, poti masiku amenewo ukanamuika patinso? M'munsi mwake ndiye munali anthu athu: azakhali a ku Mbeya, msuweni amene anapita ku Dar es Salaam n'kutchona, ndi malume ku Joni atavala suti, kumbuyo kwawo kuli chinsalu chojambulidwa nyumba zosanjikizana zimene mwina sanalowemo n'komwe.

Palibe ankati zimenezi ndi luso. Koma ndikaona akatswiri a masiku ano akumata zidutswa za mapepala ndi za zitenje pa zojambula zawo, ndimati amayi anayamba kale. Ankadziwa woyenera kuyandikana ndi mnzake. Chithunzi cha malume anachidula bwinobwino ndi lezala n'kuchimata pambali pa cha akazi awo, mapewa kugundana, pomwe eni akewo ankaonana mwa apo ndi apo mpaka TEBA, bungwe lolemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, itasiya kutenga Amalawi mu 1988. Mlendo aliyense ankati akakweza maso, amafunsa: "Nanga bambo alemba kalata?" Mkazi wa malumeyo ankayankha, nthawi zina n'kulira, anzake n'kukhala naye mpaka dzuwa kupendeka.

Zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri m'boma la Karonga, ndipo khoma lathu linapita ndi zonse zinali pamenepo. Tinamanganso ya simenti, n'kupaka penti yoyera. Ndani angalole phala pa penti yogula ndi ndalama za mpunga? Lero pali wotchi ndi kalendala imodzi ya kutchalitchi basi.

Zithunzi zinasamukira m'mafoni. Sindikunyoza ayi, kalata ya malume inkayenda milungu, pomwe mlongo wanga ankaona nkhope ya mwamuna wake ali ku Cape Town madzulo alionse pa WhatsApp. Kungoti foni ikalira, ankalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Mlendo sapeza poyambira kufunsa, nafenso apabanja sitisuzumira m'foni ya munthu wamkulu. Chaka chatha bamboyo anasiya kuimba. Mlongo wanga ankalowabe kuchipinda nthawi yomwe ija, foni ili m'manja, ndipo ife tinadzamva nkhaniyi mpunga utakololedwa kale, kuchokera kwa mwana wake wamng'ono.