Safunsa anadya phula

Anzanga ena mwakhala mukundifunsa kuti bwanji masiku ano ndimafika ndi njinga yafumbi lokhalokha, pomwe kuchokera kwathu ku Biwi kuli msewu wa tala. Ena mpaka mumati ndikuthawa angongole. Ayi aise, nkhani yake ndi iyi.

Teremu yatha, Lachiwiri lina m'mawa, ndinkapalasa mumsewu wa M1 nditakweza mlongo wanga wa Sitandade 3 pakeliyala, poti sukulu yake ili panjira. Titayandikira Biwi Triangle, paja pali magalaja, minibasi yomwe inali patsogolo pathu inangoima mwadzidzidzi kondakitala ataona pasenjala. Ine osacheuka n'komwe ndinakhotera kumanja kuti ndiyilambalale. Kumbuyo kunali thiraki. Ndinangomva hutala ndi mphepo yake kukhutu, ndiye ndinabweza handulo n'kukagunda kumbuyo kwa minibasi ija. Tonse awiri pansi khu! Mlongo wanga anasupuka bondo, ine chigongono. Akuti safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kudya phula la mumsewu.

Madzulo amayi sanakalipe. Anangolowetsa njinga kuchipinda kwawo n'kunena kuti, "Imeneyi ndigulitsa. Sindifuna kuika ana awiri tsiku limodzi." Sabata yonse ndinayenda wapansi, chifukwa ya minibasi tsiku ndi tsiku kwathu kulibe. Peliyodi yoyamba ya masamu inkandipita.

Amene anandipulumutsa ndi amalume, omwe akhala akupalasa kabaza zaka zambiri. Loweruka anati, "Mphwanga, tenga kope ndi pensulo, tiyende." Tinayenda wapansi kuchokera pakhomo mpaka pageti la sukulu, ine ndikujambula mapu. Anandiuza kuti ndilembe zinthu zitatu zokha: pomwe maminibasi amakonda kuima, pomwe ndimakhotera kumanja, ndi pomwe madzi amadutsa mvula ikagwa.

Za kumanjazo ndi zomwe zinanditsegula maso. Kuno timayendera kumanzere, ndiye ukamakhotera kumanzere umangotsata m'mbali mwa msewu. Koma ukati ukhotere kumanja umadula galimoto zochokera kumbuyo komanso zochokera kutsogolo nthawi imodzi. Panjira yanga yakale ndinkachita zimenezi katatu m'mawa uliwonse, mwana ali pakeliyala. Amalume anangopukusa mutu. Anandiuzanso kuti ukakhala pambali pa thiraki, ngati iwe sukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake, dziwa kuti nayenso sakukuona.

Njira yatsopano imadzera m'misewu yafumbi ya m'kati mwa lokeshoni, kuseri kwa tchalitchi, kudutsa pa kiyosiki ya madzi ndi pachigayo. Msewu waukulu ndimauwoloka kamodzi kokha, pamalo poti ukuona patali mbali zonse, kutali ndi siteji. Pamenepo timatsika tonse, ine ndikukankha njinga, mlongo wanga atagwira malaya anga. Poyamba ndinkachita manyazi, mnyamata wa Fomu 3 kukankha njinga yabwinobwino ngati yaphulika tayala. Pano manyaziwo anatha.

Sindikunamizani, njirayi ili ndi mavuto ake. Ndi yotalikirapo ndi mphindi ngati 15, ndiye ndimadzuka kukadali mdima. Kawiri konse ndinachedwa n'kupatsidwa chikwakwa kuti nditchetche udzu, ena mwa inu munandiseka. Kuli agalu, kuli tiana tothamangitsa mpira, komanso anyamata a njinga zamoto nawo anazitulukira njira zam'katizi, ndiye pakona iliyonse ndimachepetsa liwiro n'kuliza belu. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, pali kangalande kena komwe kamadzaza, choncho pamapu tinajambulaponso njira yachiwiri ndi inki yofiira.

Mapuwo ndinakawaonetsa amayi. Anawayang'ana nthawi yayitali, n'kufunsa kuti powolokera paja ndi pati. Lamlungu pochokera kutchalitchi anapita kukaonapo okha. Lolemba m'mawa ndinapeza njinga ili pakhonde, amalume atamanga kale mabuleki.

Ndalemba izi chifukwa pamtengo paja timaimika njinga zambiri, ndipo ambirife njira tinangoitengera kwa anzathu kapena kwa maminibasi, osaiganizira. Minibasi ili ndi malata oiteteza. Ife tili ndi yunifomu basi. Inu ochokera ku Kawale, ku Area 23 ndi kwina, yesani Loweruka likubwerali. Yendani wapansi njira yanu ndi kope, muwerenge kuti mumakhotera kumanja kangati, ndi masiteji angati omwe mumadutsa. Mukatero funsani wakabaza wachikulire wa kwanuko, osati wothamanga uja, kuti iye amadzera kuti.

Wofuna kuona mapu anga andipeze pa buleki Lachisanu, ali kumapeto kwa kope la Jogalafe. Kachithunzi ka galu pakona yachitatu anajambula ndi mlongo wanga. Galuyo alipodi, ndipo saopa belu.

Wophunzira wa Fomu 3