Kodi Wotchinga Kumbuyo Timuyeze Bwanji?

Pa tchuthi, ife anyamata a kufupi ndi Senga Bay tili ndi masewera a makadi amene tinapanga tokha. Timadula makatoni a sopo, ndipo pa kadi iliyonse timalembapo dzina la wosewera mpira wodziwika pamodzi ndi nambala yosonyeza mphamvu zake, kuyambira 1 mpaka 6. Aliyense amakhala ndi mapointi 40 ogulira osewera khumi ndi mmodzi. Wakutsogolo akakumana ndi wotchinga kumbuyo, eni makadi onse awiri amaponya dayisi n'kuphatikiza ndi nambala ya pa kadi, ndipo amene yake yakula ndiye wapambana. Anzanga anati mnyamata wa ku seminale masamu amawadziwa, choncho ntchito yopereka manambala kwa otchinga kumbuyo anaisiya m'manja mwanga.

Abale anga, kuyeza wakutsogolo sikuvuta, chifukwa mumangowerenga zigoli zake basi. Koma wakumbuyo ntchito yake ndi yoletsa chinthu kuti chisachitike. Nanga chinthu chimene sichinachitike tichiwerenga bwanji?

Muyeso woyamba umene anthu amathamangira ndi wa masewera amene timu yatha osamwetsedwa chigoli. Mu ligi ya ku England ya 2004/05, timu ya Chelsea inagoletsedwa zigoli 15 zokha m'masewera 38, John Terry ndi Ricardo Carvalho atayima kumbuyo. Muyeso umenewu ndi wabwino, komabe uli ndi vuto lake: ulemuwo ndi wa anthu ambiri, kuyambira goloboyi mpaka osewera apakati. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wotchinga waluso amene ali mu timu yofooka amaoneka ngati wolephera, pamene waulesi amene ali pakati pa akatswiri amadyera m'thukuta la anzake.

Muyeso wachiwiri ndi wowerenga kangati munthu walanda mpira, wautchinga kapena waukankhira kutali. Eni masewera a pa intaneti a Fantasy Premier League anatsata njira imeneyi m'chaka cha 2025. Kale wakumbuyo ankadalira mapointi 4 a kusamwetsedwa ndi mapointi 6 a chigoli chake, koma iwo anawonjezera mapointi 2 kwa amene wachita ntchito zoteteza zokwana 10 pa masewero amodzi. Ine ndikuona kuti anachita bwino, ngakhale kuti nawonso sanathetse nkhani. Munthu amene amagwa pansi kawirikawiri polanda mpira nthawi zina amatero chifukwa anachedwa kufika pamalo pake. Wochenjera amayima pabwino, wakutsogolo n'kungobwerera yekha, ndipo m'kaundula simulembedwa kalikonse.

Muyeso wachitatu ndi wa zigoli ndi mipira yopatsira ogoletsa. Mu 2019/20 Trent Alexander-Arnold wa Liverpool anapatsira mipira 13 imene inabala zigoli. Anzanga ankafuna kuti aliyense wotere azilandira 6. Ndinawayankha kuti m'chaka chomwecho Virgil van Dijk anasewera mphindi iliyonse ya masewera onse 38, ndipo mnyamata wa kumbali uja ankatha kuthamangira kutsogolo mtima uli m'malo podziwa kuti kumbuyo kuli munthu. Kupezeka tsiku lililonse, osavulala kawirikawiri ndiponso osaonetsedwa kadi yofiira, ndi mphatso imene ambiri saiwerengera.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha timu yathu ya Flames pa mpikisano wa mayiko a mu Africa ku Cameroon mu Januwale 2022. Aliyense amakumbukira zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango pamene tinagonjetsa Zimbabwe 2–1, ndi chigoli chake chochokera kutali pamene tinagonja kwa Morocco. Koma pa 18 Januwale, ku Bafoussam, tinalepherana 0–0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene pamapeto pake inatenga chikho. Pointi ya tsiku limenelo inatifikitsa pa mapointi 4, ndipo kwa nthawi yoyamba Malawi analowa m'ndime ya matimu 16. Goloboyi Charles Thom anatamandidwa, ndipo zinali zoyenera. Nanga anyamata anayi amene anayima patsogolo pake kwa mphindi 90, ndi angati a ife amene angawatchule mayina lero?

Kwathu kuno kunyanja timazidziwa zimenezi. Boti likafika pa doko m'mamawa litadzaza usipa, anthu amatama siginala amene anakopa nsomba ndi nyali zake. Palibe amene amafunsa za bambo amene anakhala pa mchenga masana onse akusoka chilimira. Dzina lake limamveka tsiku limene ukonde wang'ambika nsomba n'kuthawa. Wotchinga kumbuyo ali chimodzimodzi: anthu amamukumbukira akalakwitsa.

Pamapeto pake ndinakonza lamulo langa motere. Mapointi awiri amachokera ku kusamwetsedwa kwa timu, poganiziranso mphamvu za matimu amene anakumana nawo. Awiri ena ndi a kupezeka pa masewera onse ndi kudziletsa pamaso pa woyimbira. Imodzi ndi ya kulanda ndi kutchinga mpira, ndipo imodzi yotsala ndi ya zigoli ndi kupatsira. Motero wakumbuyo amene sanagoletsepo angathe kufika pa 5.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji ndi zidutswa za katoni. Chifukwa chake ndi ana aang'ono amene amatizungulira tikamasewera. Iwo amaphunzira pa makadiwa kuti munthu wofunika ndi uti. Pa bwalo la m'mudzi mwathu aliyense amalimbirana nambala 9, ndipo kumbuyo timakankhirako wochedwa kufika kapena wopanda nsapato. Mwana akaona kuti kadi ya wotchinga ingathe kugonjetsa ya wogoletsa wotchuka, mwina mawa adzapempha yekha kusewera nambala 5.

Choncho ndikupempha anzanga a pa seminale pano, komanso abambo ansembe amene mumabwera kudzaonerera mpira wa makalasi, kuti masewera akatha osamwetsedwa muziyamba mwagwira chanza anyamata akumbuyo. Inunso makolo, mwana wanu akabwera pa tchuthi musangomufunsa kuti wagoletsa zingati. Mufunseninso kuti waletsa zingati.