Ku Mambwe Kashembe Ndiye Asankha Ziweto

Msewu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe uli ndi makilomita oposa 100, ndipo woyenda pa msewuwu amaona dziko lirikusintha pamaso pake. Poyamba amadutsa minda ya cimanga, nsawa ndi fodya, nakumana ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, anyamata ali pamwamba ndi zikoti m'manja. Koma msewu ukayamba kutsetsereka m'mapiri kulowa m'cigwa ca Luangwa, kamphepo kozizira kaja kamatsala kumtunda. Mitengo ya tsanya, imene ena amaicha mupani, imayamba kuculuka pamodzi ndi milambe ndi migwalangwa, ndipo ngolo zija zimanka zicepa. Pofika kufupi ndi mtsinje wa Luangwa makola a ng'ombe amasowa, ndipo kavalo, amene ambiri amamucha hachi, saoneka n'komwe.

Ili ndilo boma la Mambwe, dziko la Akunda, m'mene muli mafumu asanu ndi mmodzi: a Nsefu, amene ali aakulu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro. Kutsidya kwa mtsinje kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene Boma linaikhazikitsa monga National Park m'caka ca 1972. Tsidya lino midzi yambiri iri m'dera la Lupande, kumene anthu ndi nyama za kuchire akhalira moyandikana. M'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mitsinje yonga Lupande imasanduka mcenga wokhawokha.

Pafupi ndi boma, ndiponso ku Masumba ndi ku Mfuwe, nyumba za njerwa zofolera ndi malata zirikuculuka caka ndi caka. Eni ake ndi aphunzitsi, anamwino, anchito a m'misasa ya alendo, ndi akuluakulu amene anapuma pa nchito ku Lusaka kapena ku migodi nabwerera kwao. Ambiri a iwo ali ndi cifuniro cimodzi, cakuti bwalo la nyumba lisanduke kamunda kokhala ndi khola, kuti banja lizidya za pakhomo. Amene anakulira kumtunda amaganiza za ng'ombe. Amene anaona akavalo a apolisi ku Lusaka, kapena a m'mapulazi a ku Mazabuka ndi ku Chisamba, angalakelake kuona nyama yokongolayo itaima pakhomo pake. Cifunirocho n'cabwino, komatu ndalama ya penshoni imabwera kamodzi kokha, ndipo m'cigwa muno munthu asanagule ciweto ayenera kuyamba wadziwa za kashembe.

Kashembe ndi nchenche yotuwa, yokulirapo pang'ono kuposa nchenche ya m'nyumba, ndipo ikatera imasanjika mapiko ake limodzi pamwamba pa linzake. Yaimuna ndi yaikazi yomwe imakhalira magazi. Yaikazi siikira mazira monga nchenche zina, koma imabala mphutsi imodzi pa masiku 9 kapena 10 alionse. Mphutsiyo imalowa m'dothi la pamthunzi, ndipo pakapita pafupifupi mwezi umodzi imatuluka iri nchenche. Kashembe akaluma njiri, mbawala kapena njati, amatenga tizirombo tokhala m'magazi a nyamazo. Nyama za kuchire zinatizolowera tizirombo timeneti ndipo sizidwala nato, koma akatipatsira ng'ombe, galu kapena kavalo, ciwetoco cimatentha thupi, cimaonda, magazi amacepa, ndipo cikapanda mankhwala cimafa. Kavalo ali m'gulu la ziweto zosapirira konse, pakuti amatupa miyendo ndi kumimba, nafooka msanga.

Cigwa cino ciri ndi malo ake m'mbiri ya matendawa. M'caka ca 1895 dokotala David Bruce, ali ku Zululand, anapeza kuti kashembe ndiye amanyamula matenda opha ziweto. M'caka ca 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anazindikira mtundu wina wa tizirombo ta matenda a kaodzera m'magazi a munthu amene anadwala atayenda m'cigwa ca Luangwa. Pambuyo pake, mu 1911 ndi 1912, Kinghorn ndi Yorke anakhala ku Nawalia, kumpoto kwa cigwa comweci, natsimikiza kuti kashembe wa m'chire muno ndiye amapatsira anthu matendawo. Nchito yofufuzayo inapitirira pa malo a Boma oona za kashembe ku Kakumbi, pafupi ndi Mfuwe.

Apaulendo akale nawonso anaphunzira kuyenda popanda kavalo. Mpwitikizi Gamitto, amene anacoka ku Tete mu 1831 naoloka Luangwa pa ulendo wa kwa Kazembe, anakalowa m'mudzi wa mfumuyo atakwera bulu. Akuluakulu a boma la atsamunda ankayendera midzi pansi, pa njinga kapena m'macila. Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo, anachuka cifukwa ca maulendo oonera nyama oyenda pansi, ndipo mwambowo ulipo kufikira lero. Nthawi imene kashembe anabwerera m'mbuyo kwambiri inali ya mliri wa ng'ombe wa zaka za m'ma 1890, umene unapha njati ndi nyama zina zambirimbiri. Nyamazo zitayambanso kuswana, nayenso kashembe anabwerera m'malo ake akale.

Mbale wa kavalo amene akhala mwamtendere m'cigwa ndi mbidzi. Kashembe sakonda kutera pa mizere yake yakuda ndi yoyera. Koma mbidzi yomweyo imasunga matenda ena a akavalo, amene amafalitsidwa ndi tizirombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'mamawa, makamaka m'nyengo ya dzinja. Motero kavalo wobwera kuno amakumana ndi adani awiri. Pamwamba pa izi, kavalo amamwa malita 25 kufikira 40 a madzi pa tsiku, ndipo pa kutentha kwa October amafuna oposa pamenepo. Amafuna udzu wabwino ndi madeya caka conse, katemera wa caka ndi caka, khola lochinga bwino, ndi munthu wodziwa kusema ziboda zake pakapita masabata 6 kapena 8 alionse. Banja limene limatunga madzi pa citsime ca mudzi wonse liyenera kuwerengera zimenezi lisanatulutse ndalama.

Ng'ombe zirikoni m'boma la Mambwe, makamaka kumbali ya kwa Msoro ndi kwa Jumbe, kumene alimi ocokera kumtunda anatsikira ndi ziweto zao nalambula chire. Kumene mitengo yatha kashembe amacepa, cifukwa amasowa mthunzi. Ngakhale kumeneko ng'ombe zimakhalira mankhwala: Samorin woteteza, Berenil wociza, ndi mankhwala opopera pathupi. Palinso nsalu zakuda ndi zabuluu zopakidwa mankhwala, zimene akatswiri a ku Zimbabwe anazikonza m'zaka za m'ma 1980. Kashembe amakopeka ndi mtundu wa nsaluzo, ndipo akaterapo amafa. Wobvula nsalu yotero m'chire kuti akasoke malaya amaba citetezo ca mudzi wonse. Alimi ayeneranso kudziwa kuti Berenil, amene amaciza ng'ombe, angathe kupha kavalo, bulu kapena galu. Safunsa anadya phula: jekeseni isabayidwe popanda uphungu wa alangizi a za ziweto.

Nanga khomo lokhazikika m'cigwa muno limaoneka bwanji? Wolowa pa bwalo lotero amayamba kuona khola la mbuzi lomangidwa m'mwamba, pa nsanamira za tsanya, pansi pake pali mipata yoti ndowe zizigwera. Mbuzi zimapirira kashembe kuposa ng'ombe, ngakhale nazo zimadwala, ndipo khola la m'mwamba limaziteteza ku fisi ndi ku cinyontho ca m'dzinja. Pambali pali khola la nkhuku ndi nkhanga, ndipo nkhunda ziri ndi kanyumba kao pamwamba pa mitengo. Mdani wamkulu wa nkhuku ndi citopa, cimene cimasesa khola lonse m'masiku owerengeka, koma katemera wake ndi wochipa, ndipo amaperekedwa kangapo pa caka. Ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku zimapita ku kadimba ka repu, tomato ndi therere, ndipo masamba otsala amabwerera ku khola. Mwana akafuna yunifomu kapena wina akadwala, mbuzi imodzi imagulitsidwa, banja osagwa m'ngongole.

Kashembe akagonjetsedwa mwa kusankha bwino ziweto, pamatsala njobvu. Njobvu imanunkhiza cimanga ciri m'nkhokwe, imatsata mango, mapapaya ndi nthoci, ndipo usiku umodzi ingathe kugumula nkhokwe ya nsungwi nitha cakudya ca caka conse. Cifukwa ca ici mwini khomo wanzeru sabzala mitengo ya zipatso pakhonde peni peni, ndipo sasunga cimanga m'cipinda cogona ana. Bungwe la Conservation South Luangwa lakhala likuthandiza midzi kumanga nkhokwe zolimba zomata ndi simenti, zochedwa felumbu, zimene njobvu siingatsegule. Alimi ena amazinga minda ndi zingwe zopakidwa tsabola wosinja wosakaniza ndi oilo yakutha ya galimoto, kapena amaumba tsabolayo ndi ndowe za njobvu nazifukiza usiku. Tsabola ndi mbeu imene njobvu siidya, ndipo wotsala amagulitsidwa. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limagula mpunga, nsawa ndi uci kwa alimi amene anasiya misampha ndi mfuti, kotero ming'oma ya njuci nayo ndi ciweto coyenera dziko lino.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri a Muchinga, pa khomo lotero mbuzi zimakwera makwerero a khola lao, ana amawerenga nkhuku, ndipo atate amayendera zingwe za tsabola asanakhale pansi kudya. Palibe kavalo pabwalo, palibenso ng'ombe, koma ndiwo zirimo m'mbale ndipo nkhokwe ndi yotseka. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Munthu amene alikukonza zotsikira ku Mambwe ndi ndalama ya ukalamba wake acite bwino kuyamba wapita kwa mfumu ya mudzi kukamva kumene njobvu zimadutsa ndi kumene madzi amasefukira, kenaka kwa alangizi a za ziweto kukafunsa za kashembe wa m'deralo. Akamva zonsezi, ayambe ndi mbuzi ziwiri ndi nkhuku zisanu.