“Fa Caldo”: Mawu Awiri Amene Anatsegula Pakamwa pa Bambo

Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira. Ine ndinafunsa funso laling'ono tsiku lina la mwezi wa Okutobala, ndipo njira imene ndinaidziwa ndifuna ndikuuzeni anzanga.

Tsiku limenelo dzuwa linali likuswa mtengo. Malata a kalasi lathu ankathetheka, nyenje zili pokopoko m'mitengo. Titaweruka ndinapeza Bambo wina wokalamba, mmishonale wochokera kufupi ndi mzinda wa Bergamo ku Italy, atakhala yekha pakhonde akudzikupiza ndi chipewa. Ambirife tinkawaopa chifukwa sankalankhulalankhula. Ndikudutsa ndinawamva akung'ung'udza kuti, “Che caldo!” Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, “Pepani Bambo, mwati bwanji?”

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anandilozera mpando. Anati mawuwo atanthauza kuti, “Kutentha kwakeko!” Ukafuna kungonena kuti kunja kukutentha umati fa caldo. Kukanyanya umati fa un caldo da morire, ndiye kuti kwatentha koti munthu n'kufa nako.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita pakhondepo Loweruka lililonse. Anandiphunzitsa mawu akuti afa, kutentha kwachinyontho kopanda kamphepo, kumene kumavuta m'chigwa cha mtsinje wa Po. Anandiuzanso za scirocco, mphepo yotentha yochokera ku chipululu cha Sahara. Koma amene anandikondweretsa koposa ndi akuti canicola. Mawuwa achokera ku Chilatini, canicula, kagalu. Aroma akale ankaitcha choncho nyenyezi ya Sirius, imene inkatuluka pamodzi ndi dzuwa m'masiku otentha kwambiri. Ine amene ndinkaodzera m'phunziro la Chilatini ndinachita manyazi kuona kuti chilankhulo chimenechi chikadali moyo m'kamwa mwa anthu.

Chinandizunguza mutu n'chakuti kwawoko kumatentha mu Julaye ndi Ogasiti, pamene ife kuno mu Julaye tili m'majuzi. Pa 15 Ogasiti, tsiku limene Mpingo umakumbukira kutengedwa kwa Amayi Maria kunka kumwamba, iwo amalitchanso Ferragosto. Dzinali lachokera ku masiku opumula amene anakhazikitsa mfumu Augustus. Masitolo ambiri amatsekedwa, anthu n'kuthawira kunyanja kapena kumapiri. Tsono musaganize kuti azungu amangodandaula pachabe. Pa 11 Ogasiti 2021, pachilumba cha Sicily kunatentha mpaka madigiri 48.8, ndipo m'chaka cha 2003 kutentha kunapha nkhalamba zambiri ku Italy ndi m'maiko oyandikana nawo.

Tsiku lina ndinafuna kuonetsa nzeru. Ndinafika thukuta lili kamukamu n'kunena monyada kuti, “Padre, sono caldo!” Bambo anadzuka, nandigwira pamphumi ngati mayi woyesa mwana malungo, kenaka anaphulika chiseko. Anati ndanena kuti thupi langa latentha ngati mphika. Zoyenera n'zakuti ho caldo, ndili ndi kutentha. “Mwana wanga,” anatero, “kodi pa Chichewa umati ndine njala? Si umati ndili ndi njala? Ifenso timati ho fame, ho sete.” Apo m'pamene zinalowa.

Atatha kuseka anandiuza kuti iwonso atangofika kuno anthu ankawaseka kwambiri. Ankasokoneza mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, koma sanaleke, chifukwa wansembe wosamva chilankhulo cha nkhosa zake sangazimvetse ngakhale m'kulapa. Anakhala duu kanthawi, n'kunena motsitsa kuti panali patapita nthawi yaitali asanamve munthu akuwalankhula m'chinenero cha mayi awo popanda lamya. Mawu amenewa anandilasa mtima. Munthuyu anasiya kwawo ali mnyamata naphunzira chilankhulo chathu, koma ife tinkangomudutsa pakhonde osafunsa ngakhale liwu limodzi la kwawo.

Pasaka itapita Bambo anabwerera ku Italy chifukwa cha ukalamba. Sindidziwa ngati Ambuye adzandifikitsa pa unsembe, ndiponso kumene ndidzatumidwe. Koma ndikadzafika pakati pa anthu a chilankhulo china, kaya Chiyao kaya Chitumbuka, ndidzayambira pa mawu ang'onoang'ono ngati amenewa, ndipo sindidzaopa kusekedwa.

Okutobala wafikanso, nyenje zayamba. Dzulo ndawalembera kalata, ndipo mzere woyamba ndalemba kuti, “Caro Padre, qui fa un caldo da morire.” Zotsalazo ndalemba m'Chichewa, poti iwo amachidziwa kuposa mmene ine ndidziwira Chitaliyana.