Sikipa ya zidutswa

Amene mumagula kaunjika mumsika wa Zomba mukudziwa: pa mulu uliwonse pamakhala masikipa aakulu ngati matumba, ena othimbirira kukhwapa, ena obooka pamimba, oti palibe amawafuna. Nsalu yake imakhala ikadali yabwinobwino. Awiri otere mukawadula mumatulutsa sikipa imodzi ya mwana, thupi lofiira, mikono yakuda, aliyense n'kumafunsa kuti mwagula kuti.

Koma nsalu ya sikipa si chitenje ayi. Imatamuka, ndipo imatamuka kwambiri chopingasa. Podula onetsetsani kuti mbali yotamukayo izungulire thupi, apo ayi mutu wa mwana sulowa. M'mphepete siyoyoka ulusi, imangopindika yokha, ndiye za ovaloko musadandaule nazo.

Vuto lili pa makina. Singer kapena Butterfly yopalasa ndi mapazi ija imasoka mzere wowongoka basi, ndipo msoko wotere umaduka mwana akangokweza manja, kungomva thethethe. Posoka muziikoka nsaluyo pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kwa singano, ulusi musamange kwambiri. Khosi musavutike kupanga latsopano, dulani la sikipa yakaleyo, likhale lalifupiko kuposa bowo, mulitamule polumikiza. Matelala ena a pakhonde amakana ntchitoyi, akuti ndi yotayitsa nthawi. Ine ndimati ndi ulesi chabe.

Anzathu a ku Chawe, kumeneko kuzizira kwa June ndi July sikuchita masewera, mikonoyo muzidula yaitali. Amene muli ndi makina a zigizagi ku Matawale kapena Chinamwali, tibwerekeniko Loweruka.